Kafukufuku wa Wophunzira Ayambire ku Laibulale

Mafumu, makolo ndi aphunzitsi, wophunzira amene akufufuza za kusowa kwa madzi m'dera lino asadalire zakumva m'maluwa. Apite ku laibulale ali ndi funso limodzi lomveka bwino, ndipo woyang'anira mabuku adzamuthandiza posaka. Chiwerengero cha anthu achifune mu lipoti la kalembera wa 2018 la National Statistical Office. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Pa buku lililonse alembe dzina la mlembi, chaka ndi tsamba, pakuti komiti ya chitukuko singapemphe mjigo kukhonsolo ndi manambala osadziwika gwero lake. Choncho makolo, apatseni ana nthawi yowerenga.