PASAKA WA M'NYUMBA YOTSEKA

Moni wapadera upite kwa inu abale ndi alongo a ku Kadoma ndi ku Chegutu m'dziko la Zimbabwe, inu a ku Rimuka, a ku Pfupajena, a ku Eiffel Flats ndi a ku Chakari, amene mumapempherabe m'Chichewa ngakhale adzukulu anu amakuyankhani m'Chishona. Mau athu a lero achokera m'buku la Yohane mutu 20, ndime 19 kulekeza 29, ndipo tisuzumiranso m'buku la Eksodo mutu 12. Ngati muli ndi Baibulo pafupi, litseguleni kuti tiyendere limodzi.

Pa 30 Malichi 2020 dziko la Zimbabwe linalowa m'mbindikiro wa masiku 21 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sabata imodzi m'mbuyo mwake, mtolankhani wachinyamata Zororo Makamba anali atamwalira ku Harare, woyamba kufa ndi nthendayo m'dzikomo. Lachisanu Loyera linagwa pa 10 Epulo, ndipo tsiku la kuuka kwa Ambuye pa 12 Epulo, onsewo mkati mwa m'bindikirowo. Misonkhano ya misasa imene mipingo inakonzekera inalephereka. Makwaya anali ataphunzira nyimbo, amayi anali atachapa ndi kusita yunifolomu, koma zitseko za matchalitchi zinali zokhoma. Gome la Mgonero silinayalidwe. Ndipo m'mitima ya okhulupirira ambiri munabuka funso limene ena sanaliyankhebe kufikira lero: kodi Pasaka amene tinachitira m'nyumba, anthu anayi kapena asanu titazungulira wailesi kapena foni, anali Pasaka weniweni? Kodi Mulungu anali nafe, kapena anatsala m'tchalitchi chokhomacho?

Tiyeni tiyambe ndi Pasaka woyamba. Mose sanaitanitse msonkhano wa pabwalo usiku umenewo. Lamulo linali lakuti banja lililonse liphe mwana wa nkhosa wake, ndipo ngati banjalo ndi lochepa, ligawane ndi la pafupi. Mwazi upakidwe pa mphuthu za chitseko, ndipo munthu asatuluke kunja mpaka kutacha. Kunja kunali imfa ikuyenda m'dziko lonse la Aigupto. Chotero chikondwerero chachikulu cha Aisraeli chinabadwira m'nyumba zotseka, usiku wa mliri, pakati pa anthu okhala m'dziko la eni, amene manja awo anali ndi zikang'a za kuumba njerwa za mfumu yachilendo. Palibe amene anganene kuti anthu aja anachepa chikhulupiriro pokhala m'nyumba. Kukhala m'nyumbamo ndiko kunali kumvera, ndipo chimene chinawapulumutsa chinali mwazi wa pa chitseko.

Tikafika kwa Yohane tipezanso zitseko zotseka. Ndi madzulo a tsiku lomwelo limene Yesu anauka. Manda ali apululu kuyambira m'mawa, Mariya wa Magadala wanena kale kuti waona Ambuye, koma ophunzira adzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha. Munalibe kwaya m'menemo, munalibe guwa, munalibe belu. Munali anthu amene masiku atatu apitawo anathawa ndi kumusiya Mphunzitsi wawo yekha. Yesu sanadikire kuti alimbe mtima atsegule. Anangopezeka ataima pakati pawo, nawapatsa mtendere. Mau oyamba a Wouka kwa akufa kwa anthu amanthawo sanali chidzudzulo.

Tikhalepo pang'ono apa, pakuti mtima wa uthenga wathu uli pomwepa. Atawapatsa mtendere, anawaonetsa manja ake ndi nthiti yake. Mabala anali pomwepo. Iye amene anagonjetsa imfa akanatha kuuka ndi thupi losalala ngati la khanda, koma anasunga zipsera, ndipo ophunzira anakondwa ataziona. Chiyembekezo cha Mkhristu chili ndi zipsera, abale. Sichikana kuti misomali inalowa. Sichiuza mayi wamasiye kuti apukute misozi msanga poopa kuchititsa manyazi mpingo. Mtumwi Paulo polembera a ku Tesalonika sanawaletse kulira. Anawaletsa kulira monga anthu opanda poyembekezera. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo alaliki tikakusokoneza timasenzetsa anamfedwa katundu wachiwiri pamwamba pa maliro awo.

Inu a ku Kadoma ndi ku Chegutu simunayambe kuona mliri mu 2020. Makolo anu anachoka ku Nyasaland wapansi, kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, ena pambuyo pake pa magalimoto a Ulere, kudzafuna ntchito m'migodi ya golide monga wa Cam and Motor, m'mapulazi, ndi m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Masiku amenewo Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inkatchedwa Hartley. M'chaka cha 1918 chimfine choopsa chija chinalowa m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia, kumene amuna ankagona mothithikana, ndipo ambiri anaikidwa m'manda kutali ndi kwawo, achibale osadziwa. Mu Disembala 2008, Khirisimasi ili pafupi, matenda a kolera anakantha Chegutu, madzi aukhondo atasowa, ndipo m'masabata otsatira anafika mwamphamvu ku Kadoma. M'dziko lonse mliri umenewo unapha anthu oposa 4,000. Alipo pakati panu amene amati akamva nyimbo za Khirisimasi amakumbukira mahema a odwala ndi fungo la mankhwala a klorini. Kenaka kunadza Januwale 2021, mwezi umene ngakhale nduna za boma zinagwa: a Sibusiso Moyo ndi a Joel Biggie Matiza ku Zimbabwe, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama ku Malawi. Pa maliro pankaloledwa anthu 30 okha.

Tikudziwa chimene lamulo limeneli linatanthauza kwa ife Achewa, Ayao, Alomwe, Angoni ndi Atonga, amene timati maliro n'kulirana. Kwathu munthu sapita kumanda ngati nkhuku. Timagona pasiwa, amayi amachezera kuimba, mwambo wa mapemphero umachitika, tione nkhope, kenaka tiperekeze. Zonsezi zinadulidwa. Bokosi linkachoka kuchipatala kulunjika kumanda. Mwana amene anali ku Johannesburg anaonera kuikidwa kwa mayi ake pa foni, malire atatsekedwa. Mlongo wa ku Dedza kapena ku Mangochi anangomva uthenga. Ndipo pamenepa bala lakale la matchona linatukusiranso: kufera m'dziko la eni, kugona m'dothi limene mulibe mchombo wako.

Yosefe mwana wa Yakobo analidziwa bala limeneli. Anali nduna yaikulu m'Aigupto, koma pomwalira analumbiritsa abale ake kuti tsiku lotuluka adzanyamule mafupa ake. Wolemba kalata ya kwa Ahebri, posankha chimodzi chokha m'moyo wonse wa Yosefe choonetsa chikhulupiriro chake, anasankha nkhani ya mafupayi. Mafupawo anadikira m'bokosi mibadwo ingapo, ndipo usiku wa Pasaka, zitseko zija zitatseguka, Mose anawatenga. Mulungu sanaiwale pamene anali. Buku la Chivumbulutso limanena kuti ngakhale nyanja idzabweza akufa ake. Nanga manda a kuseri kwa komboni, amene mtanda wake wa mtengo unadyedwa ndi chiswe kalekale, angamusokoneze Iye? Amene anagona mwa Khristu ku Kadoma adzauka pa lipenga lomwelo ndi amene anagona ku Nkhoma. Nyimbo zimene sitinawaimbire sizichotsa kanthu pa lonjezo limenelo, pakuti amene amaukitsa akufa ndi Yesu, ndipo Iye sanaletsedwe ndi lamulo la anthu 30.

Mpingo wa Mulungu unadutsapo kale njira imeneyi, ndiponso m'dziko lathu lomwe lino la Africa. Cha m'ma 260, Dionysius, bishopu wa ku Alexandria, analembera nkhosa zake kalata ya nyengo ya Pasaka mzinda uli pa mliri woopsa. Kalatayo inasungidwa ndi wolemba mbiri ya mpingo Eusebius. Bishopuyo anavomera poyera kuti kwa anthu akunja nthawiyo sinkaoneka ngati ya chikondwerero, popeza mzinda wonse unali m'maliro monga Aigupto wakale. Koma anakumbutsa Akhristu kuti m'masiku a chizunzo anachitapo chikondwererochi m'munda, m'chipululu, m'ngalawa ndi m'ndende, ndipo paliponse panasanduka malo opembedzera. Anasimbanso za abale, ena akulu a mpingo ndi atumiki, amene ankasamala odwala, kuwatseka maso atamwalira ndi kuwaika m'manda, mpaka iwo omwe anatenga nthendayo n'kufa, pamene ena mu mzindamo ankataya abale awo m'misewu asanatsirizike. Umo ndi momwe Pasaka anachitikira ku Alexandria chaka chimenecho.

Tiyenera kunenapo za chiphunzitso china chimene chinamveka m'masiku a mliri, chakuti wovala masiki, wosamba m'manja kapena wolandira katemera alibe chikhulupiriro. Chiphunzitso chimenechi n'cholakwa, ndipo chinaika miyoyo pa ngozi. Satana anamuimika Yesu pamwamba pa kachisi namuuza kuti adzigwetse pansi, natchulanso Salmo la chitetezo cha angelo, koma Ambuye anakana kumuyesa Mulungu. Martin Luther, pamene mliri unafika ku Wittenberg mu 1527, sanathawe. Analandira odwala m'nyumba mwake. Komabe analangiza anthu kumwa mankhwala, kufukiza nyumba, ndi kupewa malo amene sakufunikako kuti asapatsire ena, koma kupita mosazengereza pamene mnansi akufuna thandizo. Anamwino ndi madokotala amene anagwira ntchito masiku aja, ambiri a iwo Akhristu anzathu, anali yankho la mapemphero athu omwe.

Tsopano titembenukire kwa Tomasi. Iye kunalibe madzulo aja. Yohane satiuza kumene anali, ndipo ife tisamupekere mlandu. Anzake atamuuza kuti taona Ambuye, iye anakana kukhulupirira kufikira atakhudza yekha mabalawo. Timakonda kumutcha wokayika, koma taonani chimene ankafuna: ankafuna kutsimikiza kuti amene akunenedwa kuti wauka ndi yemwe uja anamuona akuzunzika. Munthu amene waona imfa pafupi sakhutira ndi mau okoma. Ndipo panapita masiku asanu ndi atatu Tomasi ali m'chikayiko, koma abale ake sanamupirikitse. Tsiku limene Yesu anabweranso, Tomasi anali pakati pawo, zitseko zili chitsekere, ndipo Ambuye analunjika kwa iye ndi kumupatsa chimene anapempha. Pakamwa pa munthu ameneyu ndi pamene panatuluka chivomerezo chachikulu koposa m'buku lonse la Yohane, pomutcha Yesu Ambuye wake ndi Mulungu wake.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Matchalitchi anatsegulidwa kale, misonkhano ya Pasaka inayambanso. Koma akulu a mpingo, tawerengani mabenchi. Alipo a Tomasi amene sanabwerere. Wina anazolowera kupemphera pa foni ali gone pa mphasa, ndipo kwa ameneyo tinene mosabisa kuti chimene chinali kumvera m'nthawi ya mliri chasanduka ulesi lero. Aisraeli sanakhalebe m'nyumba kutacha, ananyamuka pamodzi ulendo. Mkate wa Mgonero sunyemedwa pa WhatsApp. Koma winanso sanabwerere chifukwa mtima unasweka. Mwamuna wake anatumikira mpingo zaka makumi atatu, koma anaikidwa popanda kwaya, popanda mlaliki, ndipo mliri utatha palibe amene anabwera kudzakhala naye pansi. Wina ntchito inatha, ndipo akuchita manyazi kufika opanda chopereka. Wina anapemphera usiku wonse kuti mwana wake achire, mwanayo n'kumwalira, ndipo kuyambira pamenepo Baibulo lili m'sutikesi. Anthu otere sabwera ndi chilengezo cha pa guwa. Muwatsatire kunyumba, mugogode, mukhale pansi, ndipo mulole kuti akuonetseni mabala awo musanatsegule vesi.

Tikupemphanso mipingo ya ku Kadoma, ku Chegutu ndi kwina konse kumene mau ano akufika, kuti pa Pasaka akudzayu mupatule nthawi yotchula maina a abale ndi alongo amene anaikidwa mwa changu m'zaka za mliri. Itanani mabanja awo. Imbani nyimbo zimene zinayenera kuimbidwa pasiwa paja. Sitikupempherera akufa ayi, pakuti iwo ali m'manja mwa Mwini wake. Tikulira pamodzi ndi otsala, ndi kulengeza pamaso pawo kuti Khristu anauka. Ndipo inu amene mukumva muli nokha m'chipinda, chitseko chili chokhoma, mwina simunamulandirepo Yesu ameneyu, dziwani kuti mutha kumuitana pomwe mulipo, usiku uno, monga muliri.

Tiyeni tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene munaima pakati pa ophunzira anu zitseko zili zotseka, imani m'nyumba za amasiye a ku Rimuka ndi ku Pfupajena. Kumbukirani ana amene anaonera maliro a makolo awo ali kutali. Patsani akulu a mpingo miyendo yopita kwa osowa, ndi makutu opirira. Tetezani anamwino ndi madokotala, ndipo patsani mizinda imeneyi madzi abwino akumwa. Tapempha m'dzina lanu. Amen.