Tizirombo ta M'nthaka Tothandiza Mtedza ndi Soya
(Mau okambidwa pa msonkhano wa alimi)

Mlimi akazula mtedza, nyemba kapena soya amapeza timaphundu pa mizu. Ambiri amayesa kuti ndi nthenda, koma si choncho ai. M'timaphunduto mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso, totchedwa Rhizobium, timene timatenga nayitirojeni mu mpweya ndi kudyetsa mbeu. Nayitirojeni ndi chakudya chomwe chija mlimi amagula ndi ndarama m'thumba la feteleza. Amene anayamba kupatula tiziromboti ndi kutiweta patokha ndi Beijerinck wa ku Holland, m'chaka cha 1888.

Tsono Rhizobium sagwira nchito yekha. Polowa mu muzu wa soya kapena nyemba iye amadzera pa tiubweya ta muzuwo. Kaubweya kamapindika ndi kumtsekera m'kati, ndipo pamenepo phundu liyamba. Apa ndi pamene anzake a m'nthaka amathandiza. Wina, dzina lake Azospirillum, amatulutsa mankhwala ochulukitsa mizu ndi ubweya wake, kotero kuti makomo olowera amachuluka. Enanso, a mitundu ya Bacillus ndi Pseudomonas, amasungunula fosifolasi womangika m'dothi, pakuti phundu limafuna fosifolasi wambiri. Chodabwitsa kweni-kweni ndi ichi: mbeu ikasautsidwa ndi chilala imapanga mpweya wochuluka wotchedwa ethylene umene umaletsa timaphundu, ndipo ena mwa othandizawa amachepetsa mpweyawo.

Ku Brazil alimi ambiri a soya amapaka mbeu zao Bradyrhizobium pamodzi ndi Azospirillum. Mai Mariangela Hungria, amene anafufuza zimenezi zaka zambiri, analandira mphotho ya World Food Prize m'chaka cha 2025.

Nanga mlimi wa kuno atani? Mtedza, nandolo ndi khobwe kawiri-kawiri zimapeza tizirombo tao m'nthaka momwemo, koma mitundu yambiri ya soya imafuna kupakidwa inokulanti. Mlimi apake pa mthunzi ndi kubzala tsiku lomwelo, chifukwa dzuwa limapha tiziromboto. Asaotche mapesi, awakwirire, pakuti zinyalala zoola ndizo chakudya cha othandiza aja. Asathirenso nayitirojeni wochuluka, popeza mbeu yokhuta siilandira alendo, ndipo ndarama zake zipita pachabe.

Mbeu zikayamba maluwa azule imodzi ndi kung'amba phundu ndi chikhadabo. Likakhala lofiira m'kati, nchito iri kuyenda. Likakhala loyera kapena lobiriwira, aonane ndi mlangizi wa zaulimi asanabzalenso m'mundamo.