Chitsulo chobisika mu fodya

Lero tikambe za fodya, mbewu imene timalima kuno ku Angónia.

M'nthaka muli chitsulo china, dzina lake kadimiyamu. Sitingachione ndi maso. Mizu ya fodya imachiyamwa, chimakwera mpaka m'masamba. Tikasuta, utsi umachitengera m'mapapo.

Madotolo akapima mapapo a anthu osuta, amachipeza chochuluka kuposa mwa osasuta. Thupi limachedwa kuchitulutsa. Chimakhala mu impso zaka zoposa 10. Mu 1993 akatswiri a Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse anatsimikiza kuti chimayambitsa khansa ya m'mapapo.

Dzulo agogo ena anatiuza kuti, "Wanga ndi wa kumunda, si wa m'sitolo." Pepani agogo, tsamba ndi lomwelo. Chingambwe nachonso chili nacho.

Tikatsokomola masabata awiri osaleka, kapena tikalavula magazi, tipite kuchipatala msanga.