Mawu a pa Msonkhano: Za Maluwa a Nsalu



Ndaimirira pamaso panu kunena kanthu kamene ena adzati nkakang'ono, ndiko maluwa a nsalu. Pa ukwati, pa chikondwerero cha ku tchalitchi ndi pa maliro, anthu athu atuma ana kuoloka malire pa Mwami kukagula maluwa a pulasitiki ku Chipata. Ndalama zituluka m'boma lino osabweranso. Komabe pakhonde la telala aliyense, ku Mchinji Boma, pa Kamwendo ndi kwa Mkanda, tizidutswa ta chitenje tisesedwa ndi kutenthedwa madzulo.

Ntchito yake siivuta. Mayi adula tinsalu tisanu tozungulira, ta msinkhu wa kukamwa kwa kapu. Kalikonse akapinda pawiri, nasoka m'mphepete, nakoka ulusi kuti kakwinyike. Akatilumikiza tonse, asokerera batani pakati. Duwa loika pa thebulo alimangira pa waya ndi kuliumitsa ndi madzi a phala la chinangwa. La pa duku kapena pa diresi la mkwatibwi alisiya lofewa.

Chifukwa chake ndipempha zinthu ziwiri. Choyamba, mafumu alankhule ndi atelala kuti asunge zidutswazo. Chachiwiri, ife a bungwe lino tipangane kuti pa maukwati a ana athu tidzagula maluwa kwa amayi a m'midzi mwathu. Mkazi wamasiye wogulitsa maluwa m'miyezi ya maukwati, anthu atagulitsa mtedza ndi fodya, adzapeza sopo ndi makope a ana ake osapempha kwa munthu.