ZA SEWERO LA PA TEBULO LIJA: MAWU A PA MSONKHANO WA LOWERUKA

Kwa nonse amene simunakwanitse kufika Loweruka, nawa mawu amene mnzathu wa mu komiti anayankhula. Werengani mpaka kumapeto musanayankhe, kenako tumizani ku magulu a m'madera anu.

Achinyamata anzanga, zikomo pobwera. Ndikudziwa kuti ena mwayenda wapansi, ena ya minibasi mwachita kubwereka, ndiye sindikutayirani nthawi.

Sabata ino gulu lathu la pa WhatsApp silinagone. Za ulova sizinamveke, za mtengo wa chimanga sizinamveke, tinangokhalira kutukwanana chifukwa cha kavidiyo kosakwana ndi miniti imodzi yomwe. Ena atuluka m'gulu. Ena akuti tikanene kupolisi. Ena akuti odandaulawo ndi anthu otsalira. Kwa amene simunakaone: anzathu a zisudzo amakonzekera sewero loti tidzachite pamsewu tsiku la ziwonetsero. Anthu 13 a masuti akhala pa tebulo lalitali, onse mbali imodzi. Wapakati wanyamula buledi wolembedwa kuti BAJETI, akunyema n'kumagawira anzake, ife a magauni tili pansi pa tebulo kutola nyenyeswa. Aliyense amene analowapo m'tchalitchi anazindikira pompo kuti tikutsanzira Mgonero wa Ambuye.

Ndiyambe ndi kuulula. Ine ndinalipo pokonzekerapo. Ndinali mmodzi wa a pansi pa tebulo, nditavala gauni. Ndinaseka, ndinaomba m'manja, ndinati ili ndiye sewero la chaka. Ndili ndi zaka 24, digiri ili mu envulopu pansi pa matiresi, chino ndi chaka chachiwiri ndikuponya makalata ofunsira ntchito popanda ndi mmodzi yemwe woyankha. Sewero lija linandifika pamtima chifukwa pansi pa tebulo ndi pamene ndimakhaladi.

Lachitatu usiku mayi anga anakaona kavidiyoko pa foni ya mchemwali wanga. Mayi ndi a Mvano. Fizi yanga analipira ndi ndalama za mandasi ndi ngongole za banki m'khonde. Pa ziwonetsero zapitazi ndi iwo anatiphikira mbatata zija munadya ambiri a inu. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, “Kodi wakhala pakatiyo ndi ndani?” Ine ndinati, “Ndi wakuba ndalama za boma, amayi.” Anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Ndiye pa mpando wa Ambuye mwakhazikapo wakuba?”

Man, digiri yonse ija, ndinasowa choyankha.

Mvetsetsani bwino pamenepa. Akhristu sakhumudwa chifukwa choti Yesu waoneka mu sewero. Lachisanu Loyera lililonse mumaona Njira ya Mtanda m'misewu mwathumu, munthu atasenza mtanda, ena atavala ngati asilikali achiroma, magalimoto ataima. Pa Khirisimasi ana a Sande sukulu amachita sewero la kubadwa kwake, anthu n'kumaseka abusa a nkhosa akapunthwa. Palibe amene amadandaula. Chimene chimapweteka ndi kuona chinthu chimene iwe umachigwadira, chimene umachikonzekera ndi kulapa, chitatengedwa kukhala chida choseketsera anthu. Ife timaloza nduna, koma mwala unagwera amayi a Mvano, amayi a chigwirizano ndi anyamata a kwaya amene amayenda nafe pamsewu.

Nkhani ngati iyi inagwedezapo dziko lonse, ndipo ambiri a inu munaitsatira pa Facebook ndi pa TikTok. Pa 26 July 2024, mzinda wa Paris unatsegulira masewero a Olympics ndi mwambo waukulu pa mtsinje wa Seine. Pa gawo lina panaoneka tebulo lalitali, anthu ovina atandandalika mbali imodzi, ena mwa iwo amuna odziphoda ndi kuvala ngati akazi, amene kumeneko amawatcha ma drag queen. Pakati panali DJ wina, Barbara Butch, atavala chinthu chowala kumutu chonga chimene amajambula pa mitu ya oyera mtima. Kenako woimba Philippe Katerine anatulukira pa mbale yaikulu, thupi lonse atalipaka utoto wa buluu, ali pafupifupi mbulanda. Anthu ambiri ataona anati ichi ndi chithunzi cha Mgonero Womaliza chimene Leonardo da Vinci anajambula pa khoma la nyumba ya amonke ku Milan m'zaka za m'ma 1490.

Maepiskopi a Katolika a ku France anatulutsa kalata yodandaula kuti Chikhristu chanyozedwa. Pa 3 August likulu la mpingo ku Vatican linanenanso kuti lakhumudwa. Ndipo sanali Akhristu okha. Al-Azhar, sukulu yaikulu ya Chisilamu ku Cairo, inadzudzula. Jean-Luc Mélenchon, wandale amene amadziwika ndi kulimbikira kuti boma ndi chipembedzo zisasakanikirane, nayenso anati gawo limenelo sanalikonde. Kampani ina ya mafoni ku America, C Spire, inachotsa malonda ake pa masewerowo.

Tsono amene anakonza mwambowo, Thomas Jolly, anakana. Anati iye sankaganiza za Mgonero, ankaonetsa phwando la milungu ya Agiriki, ndipo wa buluu uja anali Dionysus, mulungu wawo wa vinyo ndi maphwando. Ena anakumbutsa kuti ku Dijon kuli chithunzi chakale cha Jan van Bijlert cha phwando la milungu chimene chimaoneka chimodzimodzi. Mneneri wa okonza masewerowo, Anne Descamps, anati panalibe cholinga chonyoza chipembedzo chilichonse, ndipo anapepesa kwa amene anakhumudwa.

Kaya Jolly amanena zoona kaya ayi, onani chimene chinachitika. Mwambo uja unatenga pafupifupi maola anayi, munali oimba otchuka, mabwato, osewera ochokera m'mayiko oposa 200. Koma kwa masabata angapo dziko limakangana za mphindi zochepa za pa tebulo paja. Ukaika chithunzi pamaso pa anthu, sungayende ndi aliyense kukamufotokozera zimene umatanthauza. Amaona chimene waona, basi.

Nanga ife? Jolly anali ndi pothawira, anali ndi Dionysus wake. Ife tilibe. Tinatengadi Mgonero mwadala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 77 pa 100 alionse ndi Akhristu. Tsiku la ziwonetsero likadzafika ndi sewero limenelija, mawa lake nkhani pa wailesi siidzakhala ya achinyamata osowa ntchito. Idzakhala yoti achinyamata anyoza Mgonero wa Ambuye. Ndipo amene adzasangalale kwambiri ndi a masuti omwe aja. Lamulungu lotsatira mudzawaona kutsogolo m'matchalitchi, envulopu ili m'manja, akuuza mpingo kuti iwo ndi amene akuteteza chikhulupiriro kwa ana osalangika. Tikhala titawapatsa tokha chikwapu chotikwapulira.

Koma Paris ili ndi phunziro lachiwiri, ndipo ili likupita kwa inu anzanga amene munakhumudwa. Jolly ndi Barbara Butch analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa, mpaka anakadandaula kupolisi, ndipo anthu 7 anamangidwa chifukwa cha zimene analembera Jolly. Kuno kwathu, mchemwali wathu amene analemba sewero lija wazimitsa foni kuyambira Lachinayi. Ena mwa mauthenga amene analandira ndawaona ndi maso angawa, ndipo manambala ena ndi a m'gulu lathu lomweli. Wina anamutcha wa satana. Wina anamuuza kuti amadziwa kumene amakhala. Mtsikana ameneyu ndi amene analemba masewero onse amene munkawatumiza ku ma status anu monyadira. Ngati unalemba uthenga wotero pofuna kuteteza Yesu, ukafunse abusa ako kapena abambo a parishi yako ngati ndi mmene amamutetezera.

Mkangano wa zisudzo ndi mpingo si wachilendo m'dziko muno. Ku Gule Wamkulu kuli zilombo za maina a m'Baibulo, monga Maliya, Simoni ndi Yosefe. Zinabwera pa nthawi imene amishoni ndi eni dambwe ankalimbana kwambiri, amishoni akuti gule ndi zachikunja, eni gule akuona kuti sukulu ndi tchalitchi zikuwalanda ana. Udaniwo unakhala zaka zambiri, ndipo m'madera ena ukadalipo. Koma ku Mua, ku Dedza, kumene amishoni a Katolika anafika mu 1902, wansembe wina, Bambo Claude Boucher, amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, anasankha kukhala pansi ndi eni mwambo n'kumvetsera. Mu 1976 anayambitsa malo a Kungoni, ndipo lero pa mishoni pomwepo pali nyumba ya Chamare yosungiramo zinthu za gule zambirimbiri. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Chimene kuletsana kunalephera kwa zaka zonse zija, kumvetserana kunayamba kuchikonza.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi amene mukuti tikanene kupolisi kapena ku Censorship Board. Lamulo limene linakhazikitsa bungwe limeneli ndi la 1968, la nthawi ya Kamuzu. Funsani makolo anu mmene zinthu zinkakhalira nthawi imeneyo. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, buku lake la ndakatulo linachotsedwa m'masukulu ndi m'mashopu, iye mwini anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Ndipo mpingo nawonso unalawa. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko muno, inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Amene anatuluka pamsewu kuikira kumbuyo maepiskopi anali ophunzira a ku Chancellor College, a msinkhu wathu womwewu. Chaka chotsatira, pa 14 June 1993, Amalawi anavotera matipate.

Ndiye taonani. Ufulu umene timayendera pamsewu lero, mpingo unauvutikira. Ndipo mpingo utapanikizidwa, achinyamata anaimirira nawo. Lero ife tikapite kukapempha boma kuti litseke pakamwa anzathu a zisudzo? Walira mvula walira matope. Ofesala amene angaletse sewero la tebulo sabata ino ndi yemweyo adzalande zikwangwani zathu sabata yamawa, ndipo adzati ndinu munayamba kupempha. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 33 limateteza chipembedzo chako, gawo 35 limateteza kuyankhula kwako, gawo 38 limateteza kusonkhana ndi kuchita ziwonetsero. Zonsezi zili m'mutu umodzi. Ukalola kuti chimodzi chiphwanyidwe, zinazo sizikhalitsa.

Kwa inu a zisudzo, ndamva dandaulo lanu. Mukuti lero tikachotsa tebulo, mawa wina adzati gauni ikumukhumudwitsa, mkuja wina adzati bokosi la maliro limene timanyamula likumukhumudwitsa, mapeto ake tidzangoyenda titatseka pakamwa. Funso lanu ndi lomveka. Yankho langa ndi ili: tiziyang'ana amene wapwetekeka. Nduna ikakhumudwa ndi sewero lathu, ndiye kuti sewerolo lagwira ntchito, tilibwereze kawiri. Koma akakhumudwa mayi wogulitsa tomato amene amatipatsa madzi pamsewu, pa chinthu chimene sichikukhudzana n'komwe ndi bajeti, ndiye kuti taphonya. Muli ndi ufulu wochita sewero lija, ndipo wina akadzakumangani chifukwa cha sewero ndidzakhala woyamba kufika kupolisi. Koma ufulu womwewo ukukulolaninso kunena kuti apa tinalakwitsa, tikonze.

Tsono komiti inakumana ndi a zisudzo m'mawa uno, ndipo tagwirizana zinthu zinayi.

Choyamba, gawo la Mgonero lachotsedwa. Tebulo likhalapo, a masuti akhalapo, ife a magauni tikhalabe pansi pake. Koma likhala tebulo la workshop ya kunyanja, ija amakambirana za ulova wa achinyamata kwa masiku atatu mu hotela, chakudya chili chodzitengera wekha, pomaliza n'kusainira ma alawansi. Limeneli palibe Mmalawi amene angafune kumasuliridwa, ndipo palibe guwa limene angakabisaleko.

Chachiwiri, tikupepesa kwa onse amene tinawakhumudwitsa, a m'gulu lino ndi a kunja. Amene muli ndi kavidiyo kaja, kafufuteni, musakatumizenso.

Chachitatu, aliyense amene anaopseza mchemwali wathu ali ndi mpaka Lachiwiri kuti amupepese. Akapanda kutero tikumuchotsa m'gulu, ndipo mchemwaliyo akafuna kukadandaula kupolisi za kuopsezedwako, timuperekeza.

Chachinayi, kuyambira lero sewero lililonse lisanapite pamsewu liziyamba laonedwa ndi kagulu ka anthu asanu a pakati pathu pomwe, mukhale Mkhristu, Msilamu, wa kudambwe ndi wosapemphera. Ntchito yawo ndi kutiuza zimene ife sitikuziona. Kuletsa si kwawo, chigamulo chizikhala cha msonkhano ngati uno.

Amene anatuluka m'gulu ndi anzanu, mumawadziwa, ena mumakhala nawo mdadada umodzi. Apititsireni mawu awa, muwauze kuti ma admin awabwezera akangonena. Kukonzekera sewero latsopano ndi Lachitatu 2 koloko, malo omwe aja. Tikufuna anthu ena anayi a masuti, ndiye amene suti yanu ya ma intaviyu ikungodya fumbi, bwerani nayo.