Kodi Wogulitsa Matikiti a Juga Angakuletseni Kubetcha?

Mukalowa m'malo obetcherana mpira kapena m'kasino mudzaona chikwangwani pakhoma. Chimanena kuti ana osakwana zaka 18 saloledwa, ndiponso kuti muzibetcha mosamala. Kuno ku Malawi bungwe la MAGLA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022, ndilo limayang'anira malo oterewa. Koma chikwangwani sichiona munthu. Amene amakuonani ndi mnyamata kapena mtsikana amene amalandira ndalama zanu pa kauntala.

Iyeyu amadziwa zambiri. Amadziwa bambo amene amafika chitseko chisanatsekulidwe. Amaona amene waluza, natuluka, nabweranso ndi ndalama zina koma foni ija alibe. Amamva wina akupempha mnzake kuti amutumizire kangachepe pa Mpamba kuti abweze zomwe zapita. Ife azaumoyo timati zimenezi ndi zizindikiro za matenda, ndipo bungwe la WHO linaika vuto la juga m'gulu limodzi ndi zizolowezi zovuta kusiya monga mowa. Si ufiti ayi, si tsoka.

Nanga bwanji wogwira ntchitoyo salankhula? Ku Queensland, m'dziko la Australia, anakhazikitsa ndondomeko ya kasamalidwe ka otchova juga mu 2002. Patapita zaka ofufuza anacheza ndi ogwira ntchito m'malo a juga kumeneko. Ambiri anati munthu akabwera yekha kudzapempha thandizo, amadziwa chochita. Koma kuyamba iwo kumulankhula munthu kumawavuta: amaopa kukalipiridwa, amaopa kulowerera za eni, ndiponso sadziwa kukula kwa thumba la munthuyo.

Taganizani tsono za kwathu kuno. Mtsikana wa zaka 22 angayambe bwanji kuuza bambo a msinkhu wa atate ake kuti, "Bambo, lero basi, pitani kunyumba"? Mwambo ukumuletsa. Komanso malipiro ake amachokera ku ndalama zomwezo zimene bamboyo akuluza, ndipo abwana amafuna matikiti ayende. Ine sindimuimba mlandu mwanayu. Mlandu waukulu uli kwa eni malo amene amapachika chikwangwani koma osaphunzitsa antchito awo mawu oyenera kunena, kapena kuwauza kumene angatumize munthu wovutika.

Choncho musadikire kuti wina akugwireni dzanja. Musanachoke pakhomo, patulani ndalama ya ufa, ya lendi ndi ya fizi, muisiye kwa mayi a kunyumba. Musabetche ndalama ya katapila. Mukaluza, musathamangitse zomwe zapita, chifukwa masewerawa anawakonza kuti mwini malo ndiye azipindula pakutha pa zonse. Ngati mwaona kuti mukulephera kudziletsa, muuzeni wa pa kauntalayo poyera, ndipo funsani mkulu wa malowo ngati angakulembeni kuti asamakulandireninso. Mukayamba ndinu, mwamupeputsira ntchito.

Inu ogwira ntchito, musamudzudzule munthu pagulu. Muitanireni pambali, mufunseni mwaulemu ngati zonse zili bwino. Akakana, musiyeni, mawa adzakumbukira kuti munamufunsa. Koma mukamva wina akunena zodzipha chifukwa cha ngongole, musaziyese nthabwala. Dziwitsani abwana ndi achibale ake tsiku lomwelo, ndipo apite naye ku chipatala cha boma chapafupi. Thandizo la matenda a maganizo likupezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.