Tchimo la Hananiya silinali kupereka zochepa

Achinyamata anzanga, tsegulani Machitidwe 5. Hananiya ndi mkazi wake Safira anagulitsa munda n'kubisako ndalama zina, koma pamaso pa atumwi anachita ngati apereka zonse. Petro anamukumbutsa Hananiya kuti mundawo unali wake, ndalamazonso zinali zake. Palibe anamukakamiza. Chimene chinawaphetsa ndi bodza.

Nanga ifeyo? Pa msonkhano wosonkhetsa ndalama timalonjeza K20,000 kuti anthu atiwombere m'manja, koma msungichuma akatiimbira foni, ziii! Komiti inadalira lonjezolo, ndiye malata a tchalitchi sagulidwa, mvula n'kutipeza.

Ngati muli ndi K500, nenani K500 yomweyo ndipo muipereke. Inunso osunga thumba la gulu, muziwerenga ndalama muli awiri, lipoti muzipereka poyera. Anthu tingawapusitse, koma Mulungu ayi.